Kanyuzi ka holide katafika ku Nkope

Chaka chimene ndinali mu Fomu 3, aphunzitsi a Chichewa anandipatsa ntchito yolemba kanyuzi ka holide. Sukulu yathu inali ya mpingo wa Lutheran, kunja pang'ono kwa tawuni ya Mangochi, ndipo holide yaikulu ikafika sitinkapita tonse kwathu. Ena tinkatsala masabata atatu. M'mawa kunali makalasi a masamu ndi sayansi, masana mpira, dimba la sukulu ndi kwaya imene inkakonzekera msonkhano wa achinyamata a mpingo. Kanyuziko kanali ka mapepala awiri basi. Ahedi ankakasindikiza mu ofesi mwawo n'kupatsira aliyense wopita kumudzi, kuti makolo aone kuti ana awo sanatsalire nyemba za sukulu.

Mnzanga wogona bedi la pamwamba pa langa anali mtsikana wa ku Nkope, mwana wa m'banja la Chisilamu. Asilamu pasukulupo analipo ambiri, ndipo Lachisanu ankaloledwa kupita ku mzikiti. Koma mnzangayu anali ndi mawu okoma. Tsiku lina amadamu a kwaya anamumva akuimba uku akuchapa, anamupempha kuti adzangothandizako. Pofika sabata yachiwiri, ndiye ankayambitsa nyimbo, enafe n'kumavomera.

Ndinalemba zimenezo pa tsamba lachiwiri, dzina lake lonse ndi mudzi wake womwe. Sindinamufunse. Mumtima mwanga ndinkati ndikumuchitira ulemu.

Mnzangayo anakaona kanyuziko pa bolodi Lolemba m'mawa. Anandipeza kumpopi ndikutunga madzi.

"Iwe, kanyuzi kaja kapita kale kumidzi?"

"Kanapita Loweruka. A ku Nkope anatenga makope asanu."

Anakhala pansi pa simenti yonyowayo osasamala za yunifolomu.

"Kwathu ndinanena kuti ndatsalira masamu okha," anatero.

Lachitatu amadamu a kwaya anatiuza kuti bambo a mnzangayo aimba foni kwa ahedi, akubwera mawa lake. Masana amenewo mnzangayo sanadye. Anandikokera kuseri kwa laibulale n'kundigwira dzanja mpaka zikhadabo zake kundilowa.

"Mu Fomu 2 muli mtsikana wa dzina ngati langa. Ukanene kuti unasokoneza. Ndiwe unalemba, akakukhulupirira."

"Nanga amadamu?"

"Amadamu sangandiyalutse. Iwe ukangonena choncho. Apo ayi andichotsa sukulu."

Ndinavomera ndi mutu. Nthawi yonse yotsalayo ndinkayeseza mawuwo chamumtima, koma ulendo uliwonse ankatuluka mosiyana.

Lachinayi kunacha ndi mwera. Fumbi linkalowa m'makalasi, zitseko zikungomenyetseka. Cha m'ma teni tinamva njinga yamoto pageti. Ndinasuzumira pawindo n'kuona bambo wamtali, wowonda, atavala mkanjo woyera, akutsika mosapupuluma. M'dzanja anali ndi pepala lopindapinda. Ndinalizindikira ngakhale patali.

Ku ofesi anayamba aitana mnzangayo. Ine ndinatsala ndikukopera masamu a pa bolodi osamva kanthu. Patapita nthawi, mlonda anaima pakhomo n'kundiloza.

Mu ofesi ahedi anali kuseri kwa tebulo lawo, amadamu a kwaya ataima pawindo manja ali kumbuyo. Mnzangayo anagwada pafupi ndi kabati, maso pansi. Nanenso ndinagwada n'kupereka moni. Bambowo anayankha mwaulemu, Chichewa chawo chikumveka Chiyao.

"Ndinu munalemba izi, mwananga?"

"Ndine, bambo."

"Mnzanuyu akuti munasokoneza mayina. Aphunzitsi awa ndawafunsa, akuti ndiyambe ndamva kwa wolemba. Ndiye ndikumvereni."

Ndinayang'ana amadamu, iwo n'kuyang'ana kunja.

"Mwina… pali wina mu Fomu 2, mwina ndinalemba mothamanga…"

"Ine sukulu sindinapite nayo patali," anandidula mofatsa. "Za mwina sindizidziwa. Ndimagula usipa, ndipo chigoba choyezera chimakhala chodzaza kapena chosadzaza. Mwana wanga anaimba kapena sanaimbe?"

Mphepo inakankha chitseko, ahedi anadzuka kukachitseka n'kubwerera pampando. Palibe anandithandiza. Ndinkamva mnzangayo akupuma pambali panga.

"Anaimba," ndinatero.

"Kangati?"

"Masiku onse, bambo. Ndiye amayambitsa."

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Iwo anangotambasula pepala lija pa bondo n'kulisalaza ndi chikhatho. Atayamba kulankhula, ankalankhula ndi ahedi.

"Mlongo wanga anakwatiwa kwa Aanglikani. Maliro awo timapita, athu amabwera. Nyimbo za m'tchalitchi sindinayambe lero kuzimva. Koma nkhani ya mwana wanga ndaimvera pa doko, munthu akuwerenga mokweza, makasitomala anga ali pomwepo, shehe wathu ali pomwepo. Ine n'kumakana kuti ayi, wanga watsalira masamu. Mukafuna kupita naye ku mpira ku Monkey Bay mumandilembera kalata. Apa kalata inavuta chiyani?"

Ahedi anavula magalasi. "Palibe chimene ndinganene, bambo. Tinalakwitsa ndife."

"Ndinamupempha ndine," anatero amadamu. "Ndinkayenera kufunsa kaye kwanu."

Bambowo anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo n'kulankhula naye m'Chiyao, motsitsa. Chiyao ndimachimva pang'ono, koma apo ndinangotolapo mawu amodzi, unami, kutanthauza bodza. Anawabwereza kawiri. Mnzangayo anayamba kulira osatulutsa mawu.

"Akatenge katundu wake," anatero pomaliza.

"Kodi abweranso sukulu ikatsegulidwa?" anafunsa ahedi.

"Tikakambirana ndi amayi ake ndi amalume ake."

Ndinamutsatira mnzangayo ku hositelo. Anapinda zofunda, anaika mabuku m'chikwama. Nditanyamula ndowa yake kuti ndimuperekeze, anandilanda.

"Dzulo unavomera," anatero.

Kwaya inapitabe ku msonkhano kuja, woyambitsa ali wina. Kanyuzi kachiwiri ndinakalemba za dimba ndi zigoli za mpira, opanda dzina la munthu.

Sukulu itatsegulidwa, bedi lake linakhala lopanda munthu masiku asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse aphunzitsi akamaitana mayina ankafika pa lake n'kudikira pang'ono, ndipo kalasi yonse inkandiyang'ana. Tsiku la khumi anabwera ndi amalume ake. Anapempha ametroni kuti amusamutsire ku chipinda china. Ku kwaya sanapitenso, ndipo kuyambira teremu imeneyo aliyense wolowa kwaya ankayamba wabweretsa kalata ya makolo.

Tinatha miyezi iwiri tikungopatsana njira. Mayeso atayandikira, anabwera pa desiki yanga nthawi ya buleki n'kupempha kope langa la Chichewa. Ndinamupatsa. Anaima pang'ono akutsegula masamba.

"Bambo anakufunsa sabata yatha," anatero.

"Amati chiyani?"

"Amati kaya mtsikana wamantha uja akulembabe."

"Unawayankha bwanji?"

"Ndinati sindikudziwa. Kopeli ndibweza Lachisanu."

Analibweza Lolemba, kudzera mwa mtsikana wina.