Masiku Asanu Osasoka Bala la Atate

Lamlungu, mwezi wa Okutobala

Lero ndadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo kwa kanthawi ndinayesa ndili kwathu ku Feira, osati pabedi la pamwamba m'domitole muno. Dzulo ndinaperekeza mnzanga kwa amatroni atadzicheka ndi galasi la windo, ndiye fungo la sipiriti lija landitsatira mpaka kutulo. Kwa ine fungo limenelo ndi la munthu mmodzi yekha, Asisita Njobvu, nesi amene tinkakhala naye moyandikana ndili mu Giredi 4.

Pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali mpanda wa bango wopendekeka ndi mtengo wa masau umene mabanja onse awiri ankati ndi wawo. M'mawa amai akakoleza moto pansi pa thandala loumitsira nsomba, utsi wa nkhuni za mopane unkadutsa m'mipata ya bango n'kukapeza yunifomu yoyera ili pachingwe, ndipo tinkamva mawu kuseri, "Amake Esinati, mufuna odwala aziti nesi wa lero ndi nsomba youma ya pende?" Amai ankayankha ali chiweramire pamoto, "Valani chabe, amake Jemusi, akamva fungo la ndiwo adzachira msanga."

Anthu a ku Boma, a ku Mphuka, ngakhale ena owoloka kuchokera ku Zumbo, ankawadziwa Asisita chifukwa cha singano yawo. Msodzi akang'ambika ndi mbedza, mwana akagwera pakhasu, mai akapulumuka m'kamwa mwa ng'ona, mawu anali amodzi, "Tiyeni kwa Asisita akasoke." Zipsera zawo zinkatuluka zowongoka ngati mpendero wa diresi, moti padoko amuna ankavundukula malaya n'kumaonetsana kuti chokongola ndi cha ndani.

Zaka zimenezo nkhondo ya ku Rodeshiya inali itafika pakhomo pathu. Mfuti zinkalira kutsidya la Zambezi, kusukulu tinakumba maenje othawiramo, ndipo mumsewu wopita ku Lusaka munayamba kupezeka mabomba okwirira pansi. Mabala amene ankafika kukiliniki sanalinso a mbedza. Ndiye kunabwera kalata yoti Asisita apite ku Lusaka milungu isanu ndi umodzi kukaphunzira za mabala a zipolopolo ndi a mabomba. Ine zinandizunguza mutu. Ndinawapeza akupinda zovala, ndipo ndinafunsa molunjika.

"Amai, kodi munafeluka?"

"Ndinafeluka chiyani, iwe?"

"Nanga mubwereranji kusukulu? Muli ndi imvi."

Anaseka mpaka anatsamira sutukesi. "Imvi sizidziwa bomba, mwanangu. Ine masisitere a kumishoni anandiphunzitsa kubereketsa ndi kuchiza malungo. Nthawi imeneyo msewu sunkaphulika."

"Mukalakwa adzakukwapulani?"

"Ndikabwera udzandione kumsana."

Atabwera sindinaone mikwingwirima kumsana kwawo, koma sanalinso ngati kale. Sanabweretse chitenje chatsopano kapena nkhani za magetsi a m'tauni. Anabwera ndi kope lonenepa la chikuto chakuda. Masana akaweruka, dzuwa likuwotcha moti ngakhale mbuzi zinkabisala pansi pa nkhokwe, ankakhala pampando pansi pa msau, magalasi ali pamphuno, milomo ikuyenda popanda mawu. Ndinkanamizira kutola masau kuti ndisuzumire. M'kopemo munali miyendo ndi mikono yojambulidwa ndi cholembera chofiira, ndi mawu a Chingelezi aatali kuposa amene tinkaphunzira. Anayambanso kuwiritsa madzi m'mapoto aakulu, kuthiramo mchere woyeza ndi supuni, kenaka kuwasunga m'mabotolo otseka, mpaka amai anafunsa ngati ayamba kufulula mowa.

Chinanso chimene ndinaona ndi mmene ankawayang'anira a Sakala, mmisiri wosema mabwato. Bambo ameneyu anadulidwa mwendo chaka chapitacho atalasidwa ndi kachitsulo ka bomba, ndipo ankayenda ndi ndodo ya m'khwapa. Kale Asisita ankacheza nawo mofuula ali patali. Tsopano akadutsa ankaimirira, kuwapatsa moni ndi manja awiri, n'kukhala chiimire mpaka atazimiririka. Ndinafuna kufunsa, koma nkhope yawo sinkalola.

Tsiku la ngozi ya atate tinali m'kalasi, tikunena matebulo a samu. Kunamveka kugunda kumodzi kolemera, fumbi la denga n'kutigwera m'makope. Atate anali atanyamuka panjinga ndi dengu la nsomba zouma, ndipo lole imene inawapitirira inaponda bomba patsogolo pawo. Chitsulo chinawang'amba katumba wa mwendo wamanja. Pamene ndinkafika kukiliniki ndikuthamanga, anali atawabweretsa kale pangolo ya ng'ombe. Asilikali anatseka msewu kuti afufuze mabomba ena, choncho panalibe zopita nawo kuchipatala chachikulu cha mishoni, ndipo mkulu wa kiliniki anali atatsekerezedwa mbali ya ku Lusaka. Panali Asisita basi.

Ndinakwera panjerwa n'kusuzumira pawindo. Ndinkadikira singano, koma iwo atawabaya atate jekeseni anatenga sizasi. Anayamba kudula timinofu takuda m'mbali mwa bala, kutulutsa ulusi wa thalauza, mchenga, ndi kachitsulo kokhota kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Bala lija, m'malo mochepa, linkakula. Anathiramo madzi a mchere aja botolo ndi botolo, osatopa, mpaka beseni linadzaza kawiri. Pomaliza anayala nsalu zopyapyala m'katimo mosatsendera, anakulunga bandeji, n'kupita kukasamba m'manja.

Amai anali pakhomo, chitenje chili kukamwa. "Manje musoke, amake Jemusi."

"Sindisoka lero."

"Ulusi watha?"

"Ulusi ulipo. Bala la bomba silisokedwa tsiku lomwelo. Tidikira masiku asanu."

"Asanu? Mwendo wa munthu uli yasa ngati thumba long'ambika? Mwasoka anthu a ku Zumbo osawadziwa n'komwe, lero mukana mwamuna wanga? Ndizo munapitira ku Lusaka, kukaphunzira ulesi?"

Anthu amene anali pabenchi anatembenukira kukhomo. Asisita anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Mawu awo anatuluka otsika, koma tonse tinawamva.

"A Sakala ndinawasoka ine. Ndinawasoka bwino, tsiku lomwelo, anthu n'kumayamikira. Dothi la bomba ndinalitsekera m'kati ndi manja angawa, ndipo nyama inaolera pansi pa ulusi wanga wokongolawo. Sindinadziwe. Ndadziwira ku Lusaka, nditakhala pabenchi ngati mwana wa sukulu. Mukafuna kundida mundide, amake Esinati, koma sindisoka."

Amai anatembenuka n'kupita kunyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo pampanda paja panalibenso moni.

Masiku amenewo ndinkapita kukiliniki ndikangoweruka, chifukwa ndinkafuna kuona chimene chikuchitika pansi pa bandeji. Koma Asisita sankaimasula. M'mawa ndi madzulo ankawerama n'kuinunkhiza ngati mai amene akuyesa ngati ndiwo za dzulo zasasa. Ankagwira atate pamphumi, kuwatsina zala za kuphazi n'kufunsa ngati akumva, kuwabaya jekeseni, kenaka kulemba m'kope lawo lija.

"Mununkhiza chiyani, amai?" ndinafunsa.

"Bala likayamba kuola limanena lokha. Mphuno imamva maso asanaone."

"Nanga bwanji osatsegula muone?"

"Ukamavundukula mphika nthawi zonse, ntchentche nazo zimaona."

Tsiku lachitatu kunafika atate aakulu, mkulu wawo wa atate, atapalasa bwato kuchokera ku Mphuka. Amai ndiwo anatumiza uthenga. Analowa m'chipinda thukuta likuyenderera, nkhafi ili m'manja, n'kunena kuti abwera kudzatenga m'bale wawo. Kumudzi kunali nkhalamba yodziwa mankhwala opaka ndi kumanga bala kuti litseke.

"Asisita," anatero, "sitikunyozani iyayi. Koma munthu si mbuzi yosenda kuti mumusiye chotsegula. Ngati singano yakulemerani, tipatseni wathu."

"Mukamunyamula, sindingakutsekereni chitseko," anayankha Asisita. "Koma mukamatira bala limeneli, mudzabwera naye pakatha sabata, ndipo chimene chidzafunike si singano."

Onse anayang'ana atate. Iwo anali atagona chagada, milomo itauma, koma maso awo anali ndi kakuseka kaja kamene kamabwera akafuna kunyoza munthu mwaulemu.

"Achimwene, pende mukamugwira m'mawa kukutentha chonchi, mumatani kuti afike ku Lusaka?"

"Iwe, tikunena za mwendo."

"Yankhani chabe."

"Umamung'amba, kuchotsa za m'mimba, kutsuka, kuthira mchere."

"Mukamusiya wotseka, wokongola, mamba ali ngwee?"

Atate aakulu anakanda m'mutu. "Pofika madzulo watupa."

"Ndiye amake Jemusi andisandutsa pende. Ndisiyeni pathandala pompano. Bwato lanu mubwerere nalo ndi masau, ana akadye."

Atate aakulu anaseka mosafuna, anaguguda pansi ndi nkhafi, n'kutuluka akung'ung'udza kuti m'bale wawoyu anabadwa wamakani. Amai sanaseke. Ndinawaona kuseri kwa kiliniki akupukuta maso ndi m'mphepete mwa chitenje, ndipo ndinazindikira kuti sanali okwiya kwenikweni. Ankaopa.

Tsiku lachisanu m'mawa sindinapite kusukulu, ndipo palibe anandithamangitsa. Asisita anatuma munthu kukaitana amai. Amai anabwera n'kuima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Lowani, muone ndi maso anu," anatero Asisita. "Likakhala loipa, muonenso ndi maso anu."

Ananyowetsa bandeji ndi madzi a mchere n'kuyamba kumasula, mzere ndi mzere. Ndinkamva njiwa kunja ndi kupuma kwa atate. Nsalu yomaliza inakakamira pang'ono, kenaka inachoka. M'katimo munali mofiira ngati vwende lakupsa, monyezimira, mopanda mafinya, ndipo pamene nsalu inachokera panatuluka timadontho ta magazi owala. Asisita anawerama, ananunkhiza, anakhala choweramira nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Ndi nyama yamoyo," anatero. "Manje ndisoka."

Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindinachionepo. Potenga ulusi kuti aulowetse m'singano, anaphonya kamodzi, kawiri. Anaika zonse pathireyi, anapuma, n'kuyambanso. Atangoyamba kusoka sanaphonyenso.

Chipsera cha atate ndi chonyansa. N'chotambalala, n'chokhota, ndipo katumba wawo analowa m'kati mbali imodzi. Padoko amati ndicho choipa kuposa zonse zimene Asisita anasokapo, ndipo atate amavomera, kenaka amaponda pansi ndi mwendo womwewo n'kukankhira bwato m'madzi.

Amai sanapepese ndi pakamwa, si khalidwe lawo. Patapita masiku angapo anangotenga mkeka, anazungulira mpanda, n'kukauyala pafupi ndi mpando wa Asisita. Anakhala pansi, anayang'ana kope lakuda lija, n'kunena, "Ku Lusaka kuja anakuuzaninso chiyani chimene ife sitidziwa?" Asisita anavula magalasi, anawayang'ana pang'ono, n'kutsegula tsamba loyamba. Sabata yotsatira pamkekapo panali akazi a asodzi asanu ndi awiri, akuphunzira kupanikiza bala ndi nsalu yoyera m'malo mothiramo dothi kapena phulusa. A Sakala nawonso anabwera tsiku lina, anatsamiritsa ndodo yawo pamtengo, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto.

Kwa zaka zonsezi ndinkaganiza kuti Asisita ankadziwa motsimikiza kuti zidzayenda bwino. Lero ndikulemba izi ndi pamene ndawerenga miyezi n'kuona kuti atate anali munthu woyamba wa bomba kufika kukiliniki chibwerere iwo kuchokera ku Lusaka. Njira imeneyo anaiona m'manja mwa madokotala, m'chipatala chachikulu chokhala ndi magetsi ndi magazi osungira. Ku Feira anali asanaiyesepo. Anali okha, ndi kope, ndi madzi a mchere, ndi mwamuna wa mnzawo wa pampanda.

Ndikufuna kudziwa kuti masiku asanu amenewo munthu amawapirira bwanji, pamene manja ako akudziwa njira imodzi, mutu ukukuuza ina, ndipo mudzi wonse uli kumbali ya manja. M'buku lathu la sayansi mulibe zimenezi, ndafufuza. Asisita akadali ku Feira, ndipo thumba la makalata limachoka pasukulu pano Lachiwiri. Mawa pa nthawi yopuma ndidzang'amba pepala la pakati pa kope langa la Jogalafe, loyera bwino, ndi kuwalembera. Sindidzazungulira ndi moni wambiri. Ndidzawafunsa ngati ankaopa, ndiponso kuti pa tsiku lachitatu lija, atate akanavomera kukwera bwato, iwo akanatani.