Thumba la Thonje ndi Zilonda za Fanita

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika wa Ngabu. Anamva kwa kasitomala wawo kuti kuchipatala chaching'ono cha kwathu akufuna atsikana oti aziyendera amayi oyamwitsa m'midzi. Ankafuna munthu wodziwa kulemba, wotha kupalasa njinga mumchenga, komanso womva Chisena ndi Chimang'anja chomwe. Azakhali anafika pakhomo thukuta lili kamukamu, nandiuza kuti ndisiye kumangokhala ngati nkhuku yofungatira mazira, m'mawa ndikaonekere kuchipatalako. Ndinapita ndi nsapato zobwereka, ndipo anandilemba.

Atatiphunzitsa kwa milungu ingapo, aliyense anamupatsa njinga ndi chikwama. M'chikwamamo munali sikelo yopachika pamtengo ndi kakabudula kake kolowetsamo mwana, lamba woyezera mkono, kapu yaing'ono yofinyiramo mkaka, chidole cha nsalu, ndiponso bere losoka ndi sokosi, lopakira thonje m'kati. Bere limeneli linkandichititsa manyazi osaneneka. Ndinkaliika pansi penipeni pa chikwama kuopa kuti lingagwe pamsewu anyamata a kabaza akuona.

Otiyang'anira anali Mayi Alfandika, namwino wamfupi, wosaseka wamba. Mawu awo anali amodzimodzi tsiku lililonse: "Kuyamwitsa sikuyenera kupweteka. Kukapweteka, pali chimene chalakwika, ndipo ntchito yako ndi kuchipeza." Anatiphunzitsa zoyang'ana mayi akamayamwitsa. Mimba ya mwana ikhudze mimba ya mayi, khosi lisapotoke. Mwana ayasamule kukamwa kwambiri asanagwire bere, chibwano chake chigunde bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, ndipo mbali yakuda yozungulira nsonga ilowe yambiri m'kamwa. Mwana akagwira nsonga yokha amaitafuna ndi nkhama, nsonga imang'ambika, mkaka osatuluka wokwanira. Pomuchotsa pabere sumukoka, umalowetsa kachala pakona ya kamwa kuti asiye yekha.

Zonsezi ndinaziloweza ngati katekisimu, koma ndinali ndisanaberekepo, ndipo amayi a m'midzi anadziwa tsiku loyamba lomwe. Kumudzi aliyense wonyamula sikelo amatchedwa adokotala. Ndikatulutsa chidole chija, wina ankafunsa nkhope ili gwa kuti kodi adokotala, mwana wanuyu wayamba kukwawa? Gulu lonse linkafa nazo nseko. Ine ndinkaseka nawo, koma ndikuganiza kuti tsiku lina ndidzakumana ndi vuto lenileni ndipo chidole sichidzandithandiza.

Chizolowezi chathu chinali chotumiza uthenga tisanapite pakhomo pa munthu, kuopa kupalasa njinga mtunda wonsewo n'kukapeza pali zii. Ndiye mayi ankasamba, kuvala chitenje chabwino, kuyala mkeka pakhonde n'kumatidikira. Tonse tinkaona kuti ndi ulemu, ndipo panalibe amene ankaonapo cholakwika.

Umu ndi mmene ndinamupezera Fanita, nthawi yotola thonje itangoyamba. Anali mtsikana wamsinkhu wanga, wofatsa, ndipo mwana wake woyamba, Tiyamike, anali asanakwanitse miyezi iwiri. Mwamuna wake ankadula nzimbe ku Nchalo, kubwera kumudzi mwa apo ndi apo. Iye anakwatiwa mwa Chisena, ndiye kuti ankakhala kwawo kwa mwamuna, pansi pa apongozi ake aakazi, Mayi Zuze. Atandionetsa mabere ake ndinachita tsemwe. Nsonga zonse ziwiri zinali zitang'ambika, yakumanzere ili ndi nkhanambo yakuda imene inkasendeka mwana akangogwira.

Ndinamupempha kuti ayamwitse ine ndikuona. Anakhala bwinobwino pamkeka, kutsamira khoma, kumuyandikiza mwana, ndipo Tiyamike anayasamula n'kugwira bere monga zojambula za m'buku lathu. Ndinayang'ana chibwano, mlomo, khosi, zonse zili m'malo mwake. Ndinasuzumira m'kamwa mwa mwana kufuna zoyera zija zimamera palilime, munalibe. Ndinamuuza kuti asamasambe mabere ndi sopo, akamaliza kuyamwitsa azifinya kadontho ka mkaka n'kupaka pazilondapo, azisiye ziume ndi mphepo. Anavomera zonse, nathokoza mwa Chisena kuti takhuta, adokotala. Ndinabwerera ndikudziona ngati katswiri.

Nditapitanso, zilonda zinali zitakula. Ndinapachika sikelo pamtengo wa nimu, kumulowetsa Tiyamike m'kakabudula, ndipo muvi unaima pomwe unaima ulendo watha. Ndinagwedeza sikelo poganiza kuti yafa. Sinafe. Ndinawatengera onse awiri kuchipatala, Mayi Alfandika anamuona Fanita akuyamwitsa pabenchi, naonso sanapeze cholakwika. Anamupatsa mafuta opaka, ndipo atachoka anandiuza kuti: "Pali chimene sitikuchiona, Rute. Usagone tulo."

Tulo ndiye ndinalibedi. Chakudya sichinkatsika. Ndikamva mwana wa aneba akulira, ndinkangoyesa kuti ndi Tiyamike. Apongozi a Fanita anali atayamba kale kulankhula kuti mkaka wosakanikirana ndi magazi ndi woipa, ndipo ankaponyera mawu akuti mwina anthu awiriwa anamusempha mwana pokhalira malo amodzi nthawi isanakwane, mwamunayo atabwera kumapeto kwa mwezi. Fanita ankangoweramitsa mutu. Ine ndinkadziwa chimene chimachitikira khanda la msinkhu umenewo kuno kuchigwa likachotsedwa pabere n'kupatsidwa phala la madzi a pachitsime. Limayamba kutsegula m'mimba, ndipo ndi kutentha kwathu kuno silichedwa kufooka.

Tsiku lovutalo linafika ndili pasikelo m'mudzi woyandikana nawo. Mayi wina, akumuvula mwana wake malaya, anangonena mocheza kuti wadutsa kwa a Zuze ndipo wawapeza akusefa ufa wa mapira, akuti lero mwana ayamba phala, za bere zatha. Ndinamusiyira mnzanga sikelo ndi mzere wonse wa amayi, ndinakwera njinga osatumiza uthenga kwa aliyense.

Pakhomo ndinapeza Mayi Zuze okha, akutakasa kampoto kakang'ono pamoto. Anandilonjera mozizira. Ndinagwada n'kuwapempha kuti aleze mtima pang'ono, koma anandiyankha osandiyang'ana kuti mankhwala athu awapatsa mpata wokwanira, mdzukulu wawo sangafe ndi njala iwo akuonerera. Fanita ali kumunda ndi mwana, anatero, ndipo phalali likangozizira alipititsa komweko. Anandilozera njira ndi mthiko. Ndinapalasa mpaka pamene mchenga unakana, njinga ndinaigwetsa m'tchire n'kuyamba kuthamanga wapansi.

Ndinamuona patali, ali yekhayekha pakati pa munda woyera mbuu. M'chiuno anali atamangirira thumba lotoleramo thonje. Mwana anali kumbuyo, akulira ndi kamawu kosasa. Iye sanandione. Osasiya kutola, anagwedeza phewa, kusuntha chitenje, kumuzungulitsa mwana kuchokera kumsana kufika kunsi kwa mkhwapa, kutulutsa bere n'kumuponyera m'kamwa. Manja onse awiri anabwerera pathonje.

Ndinaima chilili. Tiyamike anali lendelende m'chitenje, thupi likuyang'ana kutsogolo, khosi litapotokera kubere, atangoluma kansonga kokha. Fanita akawerama kuti atole m'munsi, bere linkakokeka ngati legeni, akaweramuka linkabwerera. Iye anali ataluma mlomo, misozi ikutsika, koma manja osaima. Posakhalitsa ululu unamukulira, anamuzula mwana pabere mwamphamvu n'kumubwezera kumsana asanameze n'kangapo komwe. Pabulauzi pake panali madontho a magazi. Mayi amene ndinkamuona pakhonde uja ankayamwitsa atakhala bwinobwino pokhapokha kukabwera alendo. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuyamwitsa kwake kunali kumeneku.

Atandiona anadzidzimuka n'kuyamba kubisa bulauzi ndi dzanja. Ndinamuuza kuti tiyeni pamthunzi, mukhale pansi. Anakana. Anati thonje lachedwa kale, likugwera pansi, mbuzi za eni zikulowa, ndipo wotola ndi iye yekha. Apongozi akamupeza atakhala pamthunzi dzuwa lili pamutu, adzati anawabweretsera mlesi pakhomo, ndipo pa nkhani ya tsempho ija adzawonjezerapo imeneyi. Ndinayang'ana kunjira, ndikudziwa kuti phala lija likuzizira.

"Masulani thumbalo mundipatse," ndinatero. "Inu mukhale pansi. Thonje nditola ine."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, komabe anamasula. Tinakhala pansi pa mtengo wa msawu. Ndinamutsitsa Tiyamike n'kumuyang'ana: maso anali owala ndithu, koma thewera linali louma ndipo milomo itauma. Mabere a Fanita anali atalimba ngati miyala chifukwa mwana sankawamaliza, ndiye tinayamba tafinya mkaka pang'ono m'kapu ija kuti kutsogolo kufewe. Tinayambira bere lakumanja, lomwe linali ndi chilonda chochepa. Ndinamutembenuza mwana mimba kumimba, ndinadikira kuti ayasamule, ndinamukankhira pabere. Fanita anafinya zala zakumapazi mumchenga n'kutseka maso. Kenako mapewa ake anatsika pang'onopang'ono. M'munda monse munali zii, ndipo tonse awiri tinamva mwana akumeza.

Ndinamanga thumba m'chiuno n'kulowa mumzere. Kutola thonje ndinali ndisanakuchitepo, kwathu tinkalima mapira. Makoko ouma aja anandibaya m'zikhadabo, ndipo ndinkangozula chilichonse, thonje ndi masamba omwe, diso limodzi lili kumsawu, lina kunjira. Ndinali ndisanafike pakati pa mzere pamene ndinaona Mayi Zuze akubwera, kapu yovundikira ndi mbale ili m'manja.

Anaima n'kuyang'ana mpongozi wawo ali pamthunzi, kenako ine, mlendo wakuchipatala, ndili ndi thumba lawo m'chiuno. Nkhope yawo inada. Anafunsa ngati ndabwera kudzawachititsa manyazi kuti mudzi wonse uzinena kuti kwa a Zuze amalimitsa adokotala. Ndinawafotokozera zimene ndinaona, kuti mkaka ulibe vuto, palibe anamusempha mwana, chimene chikung'amba mabere ndi kuyamwitsira m'chitenje manja ali pantchito. Anaseka chipongwe. Anati iwo ana awo onse anawayamwitsa chomwecho, akutola thonje, akusinja, akupita kumadzi, ndipo sanang'ambikepo.

Zinali zoona, amayi ambiri ndinkawaona akutero. Ndinangofunsa, osati mwanzeru koma mothedwa nzeru, ngati ana awowo ankakhala aang'ono ngati uyu.

Anayang'ana Tiyamike, kamutu kake kali m'dzanja la mayi wake. Kenako analankhula motsitsa, ngati akudziuza okha, kuti nthawi yawo mayi sankapita kumunda mwana khosi lisanalimbe. Pakhomo pankakhala azilamu ndi akazi anzawo, ndipo ankatolerana. Pano ana awo aakazi onse ali kumabanja, anyamata ali kunzimbe. Ine maso anga anali pakapu ya phala ija.

Anabwera pomwe ndinaima, nasuzumira m'thumba, natulutsamo thonje lodzaza masamba.

"Adokotala, mukundiipitsira thonje. Ili akaligula ngati zinyalala. Bweretsani kuno."

Anandimasula thumba m'chiuno okha n'kudzimangirira. Kenako anapita pamsawu paja, navundukula kapu ya phala. Ndinaganiza kuti akufuna kumwetsa mwana. Anaiyika pambali pa Fanita.

"Imwani inuyo," anatero. "Mwana akamaliza, mumupatsenso linalo."

M'mawa mwake tinamutengera Tiyamike kuchipatala kuti Mayi Alfandika akamuone, ndipo anati palibe choopsa bola ayamwe pafupipafupi. Nditawafotokozera za kumunda sananditame, si khalidwe lawo. Anangouza gulu lonse kuti kuyambira tsiku limenelo uthenga tizitumiza ulendo woyamba wokha. Zilonda za Fanita zinatenga nthawi kuti zipole, ndipo ine ndinapitirizabe kuda nkhawa mpaka tsiku limene muvi wa sikelo unasuntha. Thonje la chaka chimenecho analimaliza ndi Mayi Zuze, akudandaula msana mzere uliwonse, Fanita akuthandiza mwana akagona.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo pano ndili ndi ana anga awiri, moti za chidole zija anasiya kundiseka. Mayi akandiuza kuti nsonga za mabere zikupweteka, ndimayang'anabe chibwano ndi mlomo monga anandiphunzitsira. Koma mkeka wapakhonde sindiukhulupiriranso. Ndimamufunsa kuti dzuwa likakhala pamutu amakhala ali kuti, manja ake akugwira chiyani, ndipo pakhomopo alipo ndani woti angamulandire thumba. Akati palibe, njinga ndimaisiya pamthunzi n'kufunsa njira ya kumunda.