Mtedza Umene Sunamere

Ndikukumbukira dzinja loyamba titabwerera ku Ngauma kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha. Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Pamene panali nyumba yathu tinapeza udzu wofika m'khosi, munda utasanduka thengo. Bambo anagwetsa mitengo mpaka manja kuchita matuza, koma mbewu tinalibe ngakhale yodzaza chikhato.

Kenako galimoto ya bungwe lina inabwera kuchokera ku Mandimba kudzagawa mtedza wobzala. Wogawayo, amene tonse tinkangowatcha Atekiniko, analengeza kuti pa njere khumi zilizonse, zisanu ndi zinayi zimera ndithu. Ife tinalandira chitini chimodzi. Mtedzawo unkanunkha chuku, koma ndani akanadandaula ndi chinthu chopatsidwa?

Bambo ankakumba mapando, ine ndikuponya njere ndi kukwirira ndi phazi. Patatha masabata awiri, m'mizere munangotuluka timbewu apo ndi apo. Bambo sanafunse zambiri. Anati njerezo ndinkaponya m'kamwa m'malo moponya m'phando. Anathyola nthambi n'kundikwapula m'munda momwemo, anthu a minda yoyandikana akuonerera. Kuyambira tsiku limenelo anzanga ankanditcha Nadyambewu, dzina limene linanditsatira mpaka kusukulu.

Mayi anali atasungako njere pang'ono pa kansalu. Anawerenga makumi awiri, n'kuziyala pa chiguduli chonyowa kuseri kwa nyumba, n'kumathirira m'mawa uliwonse. Zinamera zinayi zokha, zotsalazo zinaola. Galimoto ija itabweranso, ananditenga mpaka kumsewu, chiguduli chili m'manja.

Atekiniko anachiyang'ana osachikhudza. “Mayi, mwangochita tsoka potola njerezi. Zimachitika. Mbewu yathu ndi yabwino.” Atatero anatembenukira anzawo n'kulankhula Chipwitikizi, onse n'kuseka. Bambo anakhala kumbali ya Atekiniko, munthu wansapato uja. Chaka chimenecho tinadya mango aawisi owiritsa, ndipo mng'ono wanga akalira njala, maso a bambo ankagwera pa ine.

Nditakula ndinapeza ntchito ku Cuamba, m'nyumba yosungiramo mbewu. Kumeneko anatiphunzitsa kuwerengera mwayi pa kompyuta, m'tebulo la timabokosi. Muli lamulo lina lotchedwa binomiyale. Umalemba njere zimene wayesa, zimene zamera, ndi mwayi womera umene mwini mbewu walonjeza, ndipo limakuuza ngati zoterozo zingachitike mwangozi. Anzanga atapita kokadya nkhomaliro, ndinalemba 20, 4 ndi 0,9, kutanthauza zisanu ndi zinayi pa khumi zija. Panatuluka mzere wa maziro khumi ndi awiri nambala ina isanaoneke. Tsoka lotero silikanatigwera ngakhale tikanayala chiguduli tsiku lililonse kuyambira nthawi ya makolo. Mbewu ija inafika kwathu itafa kale. Ndinakhala pampandopo mtima ukuwira. Munthu wophunzira uja ankadziwa kuti mayi akunena zoona, koma kunali kosavuta kuwauza za tsoka kusiyana ndi kubweza matumba ake.

Ndinasindikiza pepalalo n'kupita nalo kumudzi. Mayi anali atamwalira. Bambo, okalamba tsopano, anamvetsera ndikuwalongosolera.

“Ndinkadziwa, mwananga,” anatero. “Ndinkaopa kuti tikakangana nawo sadzatipatsanso kanthu. Iwe ndiye unali pafupi.”

Sanapepese, ndipo ine ndinachoka osadya.

Masiku ano zinthu zinasintha. Yankho limene linanditengera zaka limatuluka munthu usanaphethire, ndipo alimi a ku Mitande amandiimbira foni kufunsa ngati mbewu yayesedwa. Komabe ogulitsa ena amabwerabe ndi matumba achinyezi, akumwetulira. Thumba lililonse ndimaliyesa, lolephera ndimalibweza, abwana akwiye asakwiye. Amati ndine mayi wovuta. Ndimavomera, n'kupitiriza kuwerenga njere.