A Carlota ndi Mawu a Sinyoro Bernardo

A Carlota ndinawadziwira ku kwaya. Tonse ndife a ku Angónia, tonse amasiye. Iwo amagulitsa nsomba zouma ku Canongola, ndipo si munthu wa nkhani zambiri.

Amuna awo, a Victorino, anali Mnyungwe. Atamwalira mu 2016, alamu anabwera kudzatenga nyumba ya ku Matema. Masiku amenewo Sinyoro Bernardo, amene ankalankhula za mwambo pa radiyo Loweruka lililonse m'mawa, ankati: "Mkazi wolowoledwa ndi mlendo. Mwamuna akafa, nyumba ndi ya abale ake. Malamulo a m'mapepala ndi a azungu." Alamuwo anabwereza mawu omwewo pakhomo, ndipo a Carlota anatuluka ndi mapoto ndi ana awiri.

Zaka zisanu ndi zitatu sanaphonye pologalamuyo. Nditawafunsa chifukwa, anati, "Ndikumudikira, mana. Moto sunafike padenga lake."

Chaka chatha unafika. Mkamwini wa Bernardo, woyendetsa kamiyau, galimoto lalikulu la katundu, ku Moatize, anafa pangozi n'kusiya mwana wamkazi wa Bernardo ali wamasiye. Loweruka lotsatira tinamva mawu atsopano: "Abale anga, kulanda nyumba ya wamasiye ndi umbava." Za kale zija sanatchule n'komwe.

Ikatha misa ya tsiku lachisanu ndi chiwiri, mabanja amakhala pabwalo kukambirana za katundu, ndipo wodzapepesa maliro sathamangitsidwa. A Carlota anavala zakuda nakakhala kumbali ya abale a womwalirayo. Ine ndinawatsatira.

Bernardo ataimirira ndi mapepala a adivogado, loya woteteza nyumba ya mwana wake, a Carlota anati, "Pepani, Sinyoro, ndine mbuli. Mwana wanuyu analowoledwa?"

"Inde, mayi."

"Ndiye ndi mlendo pano. Mapepalawo ndi a azungu. Munatiphunzitsa ndinu."

Wina anaseka. Amalume a womwalirayo anati, "Eee, ifenso radiyo tili nayo, a profesoro!" Mwana wa Bernardo anayamba kulira, poona kuti nyumba ikupita.

Bernardo anasendera pafupi ndi a Carlota. "Mayi, mukufuna chiyani?"

"Munene pa radiyo kuti munanama, ndipo mutchule dzina langa: Carlota wa Victorino, amene anachotsedwa ku Matema. Mukavomera, ndiwauza anthuwa mmene ana anga anagonera m'khonde mwa eni, kuti nyumbayi asalande."

Anavomera. A Carlota anafotokoza zonse, amalume aja anawerama, ndipo nyumba inatsala m'manja mwa wamasiyeyo. Loweruka Bernardo analankhuladi. Omvera anaimba telefoni kumunyoza, ndipo mwezi usanathe pologalamu yake inachotsedwa.

Nyumba ya ku Matema sinabwerere. Alamu anaigulitsa kale. Pa misa a Carlota amaimba nafe, koma nthawi ya Ukaristia amatsala pabenchi. Lamulungu lapitali ndinawakoka chitenje.

"Pitani inu, mana," ananong'ona. "Padiri akuti ndikhululuke kaye. Ndidzakhululuka, koma zimene ndinamuchita Bernardo zikundikomerabe."