Tsiku limene ndinaloza anthu chala ku Chegutu

Buku limeneli ndinaligula pansi, m'mbali mwa msewu ku Kadoma, kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale pamodzi ndi machaja a foni. Linalibe chikuto, masamba oyamba anathothoka kalekale, moti mpaka lero dzina la wolemba wake sindilidziwa. Koma munthu ameneyu, abale inu, amawadziwa anthu! Amalemba za zimene zimatichititsa kuchita zomwe timachitazi, ndipo ndikamawerenga ndinkachita kucheuka, ngati wakhala kuseri kwa benchi langa la tomato n'kumationera.

Chingerezi changa ndi cha Fomu 2, ndiye ndinkaliwerenga pang'onopang'ono makasitomala akachepa. Anzanga a pamsika ankandiseka. "Aphunzitsi, tomato akuwolatu uku!" Ine n'kumangopitiriza kuwerenga. Mutu umodzi unandikwiyitsa zedi. Wolembayo ankati munthu akagwa pakati pa chikhamu, aliyense amadikira kuti mnzake ayambe, mapeto ake onse amangoonerera, osati chifukwa cha nkhanza ayi. Ndiye ankati usakuwire gulu, sankha mmodzi, umuuze chochita. Ndinati bodza limenelo, mwina kwawoko, kuno ife timathandizana.

Ababa anagwira ntchito mu mgodi ku Battlefields mpaka fumbi linawadya chifuwa. Tsiku lina tinkachokera ku maliro ku Selous, ine ndi iwo. Titatsika kombi ku Chegutu kuti tikwere ya ku Kadoma, anangoti, "Mwana wanga, mpweya," n'kugwa khu! Anthu anatizungulira. Ndinakuwa m'Chishona, ndinakuwa m'Chichewa, kuti tithandizeni. Olo mmodzi! Ena anatulutsa mafoni, ena ankangopukusa mitu. Milomo ya ababa inayamba kutuwa, ine ndinaona kuti andifera m'manja anthu akuonerera.

M'pamene ndinakumbukira mutu uja. Komatu ife ana a Anyasa, amene makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, tinakula tikuuzidwa kuti ndife alendo m'dziko lino, ngakhale mchombo unagwera konkuno. Mawu pansi, maso pansi, ndipo kuloza munthu chala ndi mwano waukulu. Ine ndinaloza. "Iwe wa chipewa chofiira, tandinyamulira ababa! Mayi inu muli ndi botolo, madziwo kuno! Iwe kondakitala, tsitsa anthu m'kombi yakoyo, tikupita ku chipatala!" Kondakitala ameneyo ndinkamudziwa, wa pakamwa powola, wotukwana ngakhale azibusa. Anangoti, "Ehe, amai," n'kutsegula chitseko. Anthu anatsika popanda wong'ung'udza. Wa chipewa uja anawanyamula ababa ngati mwana, ndipo anakhala nafe mpaka anamwino atawalandira.

Ababa anatsitsimuka. Alipo mpaka lero, akutsokomola, akudya sadza yawo bwinobwino. Wolemba uja ndimamunyadira ngati m'bale wanga, munthu woti sanapondepo kuno koma anaidziwa mitima ya anthu a pa siteji ya makombi kuposa ine wokulira pomwepo. Ndimadzinyadiranso ndekha, ndibisirenji.

Koma ababa za bukuli safuna n'kumva komwe. Ndikayamba kuwafotokozera amandidula, amati mabuku sanyamula munthu. Iwo moyo wawo wonse analamulidwa m'Chilapalapa, chiyankhulo cha mabwana a m'migodi, bwera kuno, tenga icho, osalamulako munthu ndi tsiku limodzi lomwe. Ndiye akakhala ndi anzawo a ku mgodi pansi pa mtengo wa mango, nkhaniyi amaikamba okha, chikhalirecho anali chikomokere ndipo sanaone kanthu. Amathira ndi mchere womwe, makombi amasanduka atatu, apolisi amaimitsa magalimoto. Anzawowo amaseka, ine ndimangomvera kukhitchini osawakonza. Akafika kumapeto amadziguguda pachifuwa chodwalacho.

"Mwana wa Mnyasa," amatero, "wanga ine, analamula Chegutu yonse, ndipo anamumvera!"