Tambala wa a Tcheyamani

Ine ndine munthu wosamaliza zinthu, ndipo kwathu kumapiri a Ntchisi ngakhale mbuzi zinkadziwa zimenezi. Popita ku koleji ya aphunzitsi anandiperekeza mpaka pa Malomo, amayi akulira, bambo atasenza sutikesi yanga. Chaka chisanathe ndinabwerako ndekha, ndi sutikesi yomweyo, tayi, ndi chizolowezi choyamba mawu aliwonse ndi "komabe". Chimene ndinachokera kumeneko sindinamalize kuchifotokoza mpaka lero. Khola la nkhunda limene ndinayamba kumanga nditangobwera, nkhundazo zinatopa kulidikira, zinakakhala kwa aneba.

Pabanja pathu mwini mbumba anali malume, mlongo wawo wa amayi. Kwathu mwana wamkazi sakwatiwa popanda mawu a malume ake. Bambo ndi mkamwini, anangobwera kudzakwatira, ntchito yawo ndi kulima ndi kutsokomola akamalowa m'nyumba. Koma nthawi imeneyo malume panalibe. Tsiku lina pamaliro anafunsa mokweza kuti khadi la chipani limene mayi woyembekezera amagulira mwana wa m'mimba limalembedwa dzina lanji. Funsolo linali labwino kwambiri, moti galimoto inabwera kudzawatenga kuti akalifunse bwinobwino kundende ya ku Dzaleka. Kuyambira pamenepo dzina lawo silinkatchulidwanso, tinkangoti "aja". Motero mpando wa mwini mbumba unayang'ana uku ndi uku, n'kupeza kuti mwamuna wotsala ndi ine.

Ndinali ndi mlongo wobadwa pambuyo panga, mtsikana wamkulu ndithu, amene ankaphunzira kusoka pa makina kwa mayi wina wa kutchalitchi. Masana ena anapita kuchigayo ndi dengu la chimanga. Chigayo m'dera lonse chinali chimodzi, cha a tcheyamani a nthambi ya chipani, ndipo woyendetsa chigayocho anali mwana wawo wamwamuna. Mnyamatayo anamuchedwetsa dala pamzere. Anthu onse atapita anatseka chitseko n'kumugwiririra. Pamenepa ndilibe nthabwala. Mlongo wanga anafika pakhomo wopanda dengu, analowa m'nyumba, ndipo anasiya kuyankhula.

Amayi ndi mayi aang'ono anapita naye kuchipatala. Namwino anamusamalira bwino, kenaka anati nkhaniyi ndi ya kupolisi. Amayi anamuyang'ana namwinoyo ngati wawauza kuti akwere kumwezi.

"Ife, a banja la aja, tipite kupolisi ndi miyendo yathu? Kukaneneza mwana wa a tcheyamani?"

Sitinapite.

Musaganize kuti abambo a m'dera lathu anangokhala chete. Anaitanitsa msonkhano waukulu pabwalo la sukulu, wokambirana za khalidwe la atsikana a masiku ano, ndipo wotsogolera anali a tcheyamani eni ake. Titawotchedwa ndi dzuwa mokwanira, tinagwirizana mwa kuwomba m'manja kuti madiresi atalike. Diresi limene mlongo wanga anavala tsiku lija analisoka yekha ndipo linkafika mu akakolo. Ndinaona kuti tikawonjezerapo nsalu ina, atsikana athu azisesa msewu wa boma mwaulere. Maganizo amenewa ndinawasunga m'mimba, poti malume anali atandisonyeza kale kumene mafunso abwino amathera.

Amayi a m'mudzi sanachite msonkhano. Ankangobwera pakhomo pathu mosinthana, wina ndi lichero la mtedza, wina ndi nyemba zosankha, n'kukhala pakhonde pafupi ndi mlongo wanga. Ankakamba za mitengo ya mchere, za mano a ana awo, za mkamwini waulesi wa uje. Palibe anamufunsa chimene anavala, kapena chifukwa chake sanakuwe. Pang'ono ndi pang'ono iye anayamba kutenga mtedza palichero n'kumaswa nawo.

Kenaka m'mudzi munamveka phokoso limene tinali titaliiwala, la misi ndi mitondo. Amayi onse anasiya kupita kuchigayo chija. Kunyanyala chigayo cha a tcheyamani zikanakhala ndale, ndipo ndale m'dziko munalibe, munali mtendere wokhawokha. Choncho ukafunsa mayi aliyense ankati, "Aa, ufa wa kumeneko ukununkha dizilo." Mphuno za amayi a dera lonse zinadwala matenda amodzi.

Chigayo chitakhala chete kwa kanthawi, a tcheyamani anagwidwa ndi chisoni chachikulu. Anatuma mlamu wawo, mkulu wa chipewa chamlaza ndi njinga yowala, kuti akhale nkhoswe. Pakaliyala anamangapo tambala wakuda, wonenepa. Mwamwambo nkhuku imabwera kumapeto, zonse zitagwirizanidwa, ankhoswe a mbali ziwiri n'kudyera pamodzi. Iwowa anayambira kumapeto.

"Tabwera kudzakonza zimene ana analakwirana," anatero atakhala pampando wa bambo. "Mnyamata wathu ndi wokonzeka kumanga banja. Manyazi athe, anthu abwerere kuchigayo, tonse tikhale pachibale."

Ndinapempha kuti ndikamwe kaye madzi. Kuseri kwa nyumba amayi anandigwira malaya.

"Mwanawe, vomera. Mlongo wanga anatengedwa kale. Ukakana anthu amenewa atitenga tonse. Akakwatiwa kumeneko mwina atisiya tipume."

Amayi sankanena zimenezi chifukwa chouma mtima. Anali ndi mantha, ndipo mantha awo anali ndi zifukwa. 

Mlongo wanga anali atakhala pansi pa nkhokwe. Anandikodola. Aka kanali koyamba kundiyankhula chichitikire zija.

"Achimwene, mukandipereka kwa uja, ndithawa, ndipo simudzandionanso."

"Komabe," ndinayamba.

"Inu simumaliza chilichonse. Sukulu munaisiyira panjira. Khola la nkhunda lija ndi ilo. Izinso musazimalize."

M'moyo wanga wonse palibe anali atandiyamikirapo luso limeneli. Ndinalowa m'nyumba, ndinavala tayi, n'kubwerera kwa mlendo.

"Komabe, bambo, mawu anu ndawamva, ndipo ndi aulemu. Vuto ndi loti ine ndikungosungira mpando. Mwini mbumba ali moyo. Ndingapereke bwanji mwana wa eni ake, eni akewo asanamve?"

"Nanga si kulibe?"

"Aliko. Ali ku Dzaleka, m'manja abwino a boma. Si kutali, mungokwera basi ya ku Dowa. Mukafika pageti mutchule dzina lawo momveka bwino, munene kuti ndinu achibale awo atsopano. Iwo akavomera, ine ndidzakhala woyamba kuvina."

Mkulu uja anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake, n'kuchivalanso. Ananyamuka osatsanzika bwino. Koma anali wochenjera: tambala anamumasula pakaliyala n'kumusiya pabwalo pathu.

Tambalayo anatiika pamavuto a zamalamulo. Tikamudya, ndiye kuti tavomera ukwati. Tikamubweza, ndiye kuti banja la aja lakana tambala wakuda, amene chithunzi chake chinali pansalu za amayi ndi pakhadi lililonse. Ndinagamula kuti akhale mlendo. Ankadya gaga wathu, ankathamangitsa atambala athu, ankalira nthawi imene wafuna. Bambo ankamuyang'ana n'kumameza malovu. Pa Khirisimasi ndinawapeza akunola mpeni, akuti akufuna kudula zikhadabo.

"Bambo, nkhukuyo ndi mlandu."

"Mlandu wonona chonchi sindinauonepo," anatero, n'kubweza mpeni patsindwi.

Nkhoswe ija inabweranso, ndipo inabweranso. Ulendo wina inati tipeze malume ena ongobwerekera. Ndinaimirira n'kufunsa mwaulemu ngati akundipempha kuti ndiphwanye mwambo wa makolo, umene atsogoleri athu amatikumbutsa pamsonkhano uliwonse kuti tiusunge. Inati ayi, sinanene zimenezo, ndipo ndisauze munthu kuti yanena zimenezo. Posakhalitsa anyamata a chipani anandiimitsa pamsika, anapeza kuti tsitsi langa likuopseza chitetezo cha dziko, n'kundimeta ndi lezala yobuntha. Nawonso sanamalize, anasiya chigamba kumbuyo. Ndinaona kuti tili ndi zofanana.

Nthawi yonseyi manja a amayi a m'mudzi anali atatuluka matuza. Kusinja ndi kokoma pokumbukira zakale, osati pochita. Mayi aang'ono, olongolola moti pakamwa pawo sipankadutsa ntchentche, ndiwo anabweretsa nzeru yoti pagulidwe ngolo, chimanga cha mudzi wonse chizipita pamodzi kuchigayo cha ku Malomo, ndipo mtsikana asapitenso kuchigayo chilichonse ali yekha. Koma amayi oposa atatu akakhala pamodzi n'kumanong'ona, pankafunika chilolezo. Anakapempha chilolezo choyambitsa kalabu yophunzira kuphika makeke, ndipo a tcheyamani anavomera mokondwa, akuti chitukuko chafika. Keke ya kalabu imeneyo palibe anailawapo.

Pokolola, mayi aliyense ankabweretsa beseni la mtedza. Amene analibe mtedza ankabweretsa nyemba, ena nkhuku. Loweruka ankapita gulu lonse kukasoka fodya m'zigafa za alimi akuluakulu, malipiro ake n'kulowa m'thumba la makeke. M'mawa wina kunabwera akazi awo a tcheyamani, mayi ake a mnyamata uja, atasenza beseni lalikulu kuposa onse. Analitula pakhonde pathu. Sanapereke moni, sanayang'ane munthu kumaso. Mayi aang'ono anatsegula pakamwa, kenaka anatseka, chinthu chimene sindinachionenso.

Ngolo inagulidwa kwa mlimi wina wa ku Bowe. Inali yakale, ndipo gudumu limodzi linkayenda ndi maganizo akeake. Ndi ndalama zotsala anagulira mlongo wanga makina osokera ogwiritsidwa kale ntchito. Ng'ombe anabwereketsa bambo. Pofuna woyendetsa, amayiwo anafufuza mwamuna amene analibe chochita china chilichonse, ndipo chisankho sichinavute. Umu ndi mmene maphunziro anga a ku koleji anapezera ntchito. Lachinayi lililonse ndinkakhala kutsogolo ndi chikoti, kumbuyo matumba, pamwamba pa matumba amayi, akundiphunzitsa kuyendetsa ngolo onse nthawi imodzi.

Njira ya ku Malomo inkadutsa pakhomo penipeni pa chigayo chija. Poyamba mlongo wanga sankabwera nawo. Kenaka anabwera, atakhala pakati pa amayi, ndipo tikamayandikira pamalopo ankadzifunda chitenje kumutu, mayi aang'ono n'kuyambitsa nyimbo ya kwaya mofuula. Mvula ina itadutsa, anasiya kudzifunda. Mnyamata uja ankakhala pakhomopo, pathumba lopanda kanthu. Sanamangidwe, sanaimbidwe mlandu kulikonse. Zimenezo ndiye sindingazikometse.

Malume anatulutsidwa mwadzidzidzi monga mmene anatengedwera. Anafika wapansi, ataonda, mano ena atatsala komweko. Anthu ankawapatsa moni chapatali. Nkhoswe ija itamva inapukuta njinga n'kubwera, poti chifukwa changa chinali chitatha. Ndinavala tayi, koma mumtima ndinadziwa kuti luso langa lafika pamapeto. Amayi anakhala pakhomo la khitchini, manja ali pamutu.

Malume anamvetsera zonse, maso ali pa tambala amene ankapalasa pafupi ndi mapazi awo.

"Mafunso ndinasiya," anatero. "Kumene ndinali anandichiritsa. Koma limodzi lokha. Mwini wakeyo munamufunsa?"

Nkhoswe inati nkhani zoterezi amakamba ndi akuluakulu. Malume anaitana mlongo wanga. Iye anasiya makina, anabwera, anagwada chapambali monga mwa ulemu.

"Iwe mphwanga, anthu awa akufuna ukhale mkazi wa mwana wawo. Ukuti bwanji?"

"Ayi, malume. Ndipo nkhuku yawoyi yakhalitsa. Ndikaibweza ndekha."

"Achimwene, akutenganinso!" amayi anafuula.

"Anditenge," anatero malume. "Bulangeti langa ndinalisiya komweko."

Lachinayi lotsatira mlongo wanga anakwera ngolo atakumbatira tambala uja, miyendo yake itamangidwa ndi kansalu kotsala posoka. Bambo anatiperekeza ndi maso a munthu woferedwa. Titafika pachigayo cha a tcheyamani mlongo wanga anandiuza kuti ndiime.  Iye anatsika yekha, anayenda mpaka pakhomo lija. Mnyamata uja anaimirira, kenaka anabwerera chambuyo n'kulowa m'kati. Mlongo wanga anaika tambalayo pansi, anamumasula miyendo, kansaluko n'kukapinda bwinobwino, poti kanali kake.

Anakweranso ngolo. Mayi wina anamugwira manja. Ine ndinali nditangoti kakasi, chikoti chili m'mwamba, ndikufunafuna mawu oyenera tsiku lotero.

"Komabe," ndinayamba.

"Achimwene, kwapulani ng'ombe," anatero mlongo wanga. "Ulendo uno wokha muumalize."

Ndinaumaliza. Tinafika ku Malomo chigayo chisanatseke.