Woyamwitsa Mwana wa Wina

Pamdadada wina wa nyumba zalendi panali mayi amene aliyense ankangowaitana kuti Anesi, ngakhale anali atapuma pantchito kalekale. Moyo wawo wonse anauthera m'wodi ya amayi, kulandira makanda n'kuwapereka kwa eni ake. Iwo sanaone mphatso ya mwana, ndipo amuna awo atatopa n'kudikira anakakwatira kwina. Tsopano ankakhala okha kukhomo lomalizira, ndi wailesi yawo ndi kapu imodzi.

Kukhomo loyandikana nalo kunabwera aphunzitsi okalamba a Chingerezi, a bala lapamwendo losapola msanga. Anesi anadzipereka kumakalitsuka m'mawa uliwonse. Tsiku lina akuwamanga bandeji, aphunzitsiwo anati, "Mayi, dzina loti nesi ndi la Chingerezi, koma muzu wake ndi Chilatini. Kale linkatanthauza mkazi woyamwitsa mwana wa wina. Zosamala odwala zinabwera pambuyo. Eni chilankhulo amalitchulanso munthu akamalera chakukhosi mumtima."

Anesi anaseka pang'ono. "Mwana wa wina, eti? Ndiye amene analipeka ankandidziwa. Koma chakukhosi ayi, achimwene, ndinalibe nthawi yake."

Kuyambira pamenepo ankachedwa dala kumanga bandejiyo, n'kumafunsa kumene mawu ena anachokera. Bala litapola, ana a aphunzitsiwo anabwera ndi galimoto kudzawatenga kuti akakhale nawo kutali. Anesi anawathandiza kulongedza mabuku, nawakumbutsa kuti mwendowo asamaupondere kwambiri. M'mawa mwake anawiritsa madzi monga mwa masiku onse, ndipo anazindikira ataphula kale kuti panalibe bala loti atsuke.